Nkhokwe Sidzaza Tsiku Limodzi

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, chaka ndi chaka pamene ife a kabungwe ka magazini tipachika chidziwitso pakhoma chonena kuti nkhani zonse zifike kwa Mkonzi pofika tsiku lakutilakuti, timamva madandaulo amodzimodzi. Wina ati, "Mutifulumizitsiranji chotere ngati kuti sukulu itsekera mawa?" Wina ati, "Kwathu kuli ntchito, ine nthawi ndilibe." Winanso ati, "Ndilemba ndikabwerako ku mpira." Madandaulo amenewa si achabe ayi, pakuti nafenso a m'kabungwe tili ndi makolo, tili ndi minda, ndipo mpira timaukonda. Tsono ndaganiza kuti m'malo motsutsana pakhonde, ndifotokoze pano mmene magazini ipangidwira, chifukwa chake tsiku lija silisuntha, ndiponso mmene munthu angalisungire popanda kukhumudwitsa a kwawo kapena kutaya chimene mtima wake ukonda.

Dzina lake litiphunzitsa kanthu

Liwu lakuti magazini tinalilandira kwa Angerezi, koma muzu wake uli m'Chiarabu, mmene litanthauza nyumba zosungiramo katundu. Tikanati tilimasulire bwino m'chinenero chathu, tikanati nkhokwe. Munthu woyamba kutcha buku lotuluka mwezi ndi mwezi ndi dzina limeneli anali Edward Cave wa ku London, amene anayambitsa The Gentleman's Magazine m'chaka cha 1731, naiyendetsa kufikira imfa yake m'chaka cha 1754. Iye anafuna kuti buku lake likhale mosungiramo nkhani zosiyanasiyana, monga ife tisungira chimanga.

Tsono nonse amene munakulira kumudzi mudziwa kuti palibe munthu adzaza nkhokwe tsiku limodzi. Chimanga chimene chilowa m'nkhokwe mu Meyi chinayamba ndi kusosa ndi kugalauza mizere mu Okutobala, kubzala ndi mvula yoyamba, kupalira ndi kubandira. Amene aphonya nthawi yopalira sangathe kuibweza pa tsiku lokolola, ngakhale atadzuka tambala woyamba. Magazini nayo ili chomwecho, ndipo ichi ndicho chinthu chachikulu chimene ndifuna kuti mutole m'nkhani ino.

Tiwerenga chobwerera m'mbuyo

Ambiri aganiza kuti Mkonzi angosankha tsiku lomaliza kulandira nkhani monga momwe afunira. Si choncho. Iye ayamba ndi tsiku limene magazini iyenera kukhala m'manja mwa owerenga, ndilo tsiku lotsekera sukulu, ndipo kuchokera pamenepo awerenga chobwerera m'mbuyo.

Sabata lomaliza ndi lopinda mapepala, kuwasanja tsamba ndi tsamba, ndi kuwamanga ndi timawaya pakati. Sabata la patsogolo pa limenelo mapepala ali kwa wosindikiza, amene ali ndi ntchito za anthu ena, ndipo sangaimitse makina ake chifukwa cha ife. Lisanafike limenelo pafunika sabata lina lowerenga zimene zataipidwa ndi kuchotsa zolakwa, pakuti dzina la munthu likalembedwa molakwa m'magazini likhala lolakwa mpaka kalekale. Kutaipa nkhani pa kompyuta ndi kuziyala m'masamba kutenga masabata 2, chifukwa otaipa ndi ophunzira anzathu amene agwira ntchitoyi akaweruka, ndiponso magetsi nthawi zina azima. Ndipo zonsezi zisanachitike, Mkonzi ndi aphunzitsi otiyang'anira afuna sabata lathunthu kuti awerenge nkhani iliyonse, asankhe zoyenera, nabweze kwa eni ake zimene zifunika kukonzedwa.

Mukawonkhetsa mupeza masabata 6. Ichi ndicho chifukwa chake tiitanitsa nkhani teremu ili pakatikati. Munthu amene achedwa ndi masiku 3 aganiza kuti wachedwa yekha, koma wachedwetsa wowerenga, wotaipa, wosindikiza ndi wopinda, onse amene aimirira pamzere kumbuyo kwake.

Masamu a mapepala

Palinso chifukwa china chimene ambiri sachidziwa. Tengani pepala limodzi, mulipinde pakati, ndipo muwerenge masamba ake: mupeza kuti ndi 4. Kotero magazini yomangidwa pakati iyenera kukhala ndi masamba 24, kapena 28, kapena 32, koma singakhale ndi masamba 30 kapena 33. Tiyerekeze kuti tapangana za masamba 32 ndi makope 200. Kope lililonse lifuna mapepala 8, onse pamodzi mapepala 1,600; ndipo popeza mpukutu umodzi wa mapepala ukhala ndi 500, tiyenera kugula mipukutu 4 kuti patsale ena olowa m'malo mwa owonongeka.

Tsono taonani chimene chichitika wina akalonjeza nkhani ya masamba 2 koma osaibweretsa. Mkonzi sangangochotsa masamba awiriwo. Ayenera kufuna china chotseka dzenjelo usiku womwewo, apo ayi achotse masamba 4, ndiko kunena kuti ndakatulo ya mnzathu wina amene anasunga nthawi itayidwa chifukwa cha amene sanasunge. Momwemonso wobwera mochedwa ndi nkhani yake yokoma, nati "Ingoikanimo," apempha kuti tiwonjeze masamba 4 ndi mapepala 200 amene sitinawagule.

Kalendala ina imene sipachikidwa pakhoma

Koma tisanamizane. Sukulu ili ndi kalendala yake, ndipo kumudzi kulinso kalendala yake imene siilembedwa, koma ilamulira koposa. Kuno ku Phalombe, kuyambira m'tsinde mwa phiri la Michesi kukafika kumadambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, banja lililonse lidziwa kuti Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya khasu, kuti Epulo ndi Meyi ndi yokolola chimanga, ndipo kuti nandolo adikira mpaka chilimwe. Pali masiku a msika ku Migowi kapena ku Chiringa, pamene mwana atumidwa ndi thumba panjinga. Pali maliro, amene safunsa munthu ngati ali ndi nthawi.

Katundu ameneyu sitisenza mofanana. Wogonera pasukulu akaweruka apita kukadya zophikaphika, pamene woyendera ayamba ulendo wautali wapansi, nakafika kwawo dzuwa litapendeka. Ndiponso tivomereze, ife anyamata, kuti alongo athu asenza koposa ife. Mtsikana akafika panyumba apeza ndowa ikumudikira kuti apite kumjigo, nkhuni zatha, chimanga chifunika kupita kuchigayo, ndipo mwana wamng'ono akulira. Pamene akhala pansi kuti alembe, kunja kwada ndipo maso alemera. Mkonzi amene aiwala zimenezi, nangoti "aulesi," sanayenere mpando wake.

Makolo nawonso ali ndi mfundo yawo. Tsiku lina ndinapempha amayi kuti ndisapite kumunda Loweruka chifukwa cha msonkhano wa magazini. Iwo anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, mapepala akowo tidzadya?" Ndinalibe poyankha, pakuti fizi imene indisunga pasukulu ichokera m'munda womwewo.

Chimene chinandigwera ine

Ndinene za ine mwini, kuti musayese kuti ndilalikira zimene sindinazilawe. Chaka china, ndili membala wamng'ono wa kabungwe, anandipatsa ntchito yosunga nkhani zonse zolembedwa pamanja. Ndinaziika m'chikwama changa, ndipo popeza ndinafuna kuti anthu andione kuti ndine wodalirika, ndinakana pamene mnzanga anati tigawane. Ndinati ndizitaipa ndekha sabata lomaliza. Sabata limenelo litafika, agogo anga anadwala kwambiri, ndipo amalume anabwera kudzanditenga kuti ndikathandize amayi kudikirira matenda kuchipatala. Ndinachoka mothamanga, chikwama chili kumsana, ndipo ndinakhala kumeneko masiku ambiri.

Agogo anachira, ndipo sindidandaula konse kuti ndinapita. Koma magazini inatuluka teremu yotsatira, anzathu a Folomu 4 atalemba kale mayeso awo a MSCE nabalalika. Ena a iwo analemba ndakatulo zotsanzikira sukulu, ndipo sanazione zitasindikizidwa. Mlandu sunali wa matenda ayi. Unali wanga, pakuti ndinaunjika ntchito yonse pa munthu mmodzi ndi pa sabata limodzi. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Akale anatani?

Vuto limeneli silinayambe ndi ife. Pa Mishoni ya Blantyre, m'chaka cha 1888, anayamba kusindikiza kanyuzi kotchedwa Life and Work, m'nthawi ya Mbusa David Clement Scott. M'chaka chomwecho mbusayo anayamba kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinatha mu 1891, ndipo mu 1892 anatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja. Munthu angafunse kuti zonsezi anazitha bwanji. Yankho lake ndi lakuti sanazichite yekha. Njerwa anaumba ndi kumanga ndi anthu a dziko lino, mawu anawatola kwa eni chinenero, ndipo m'nyumba yosindikizira munali amisiri amene anasanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi ndi manja.

Mmodzi wa amisiri a pamishoni imeneyo anali Mungo Murray Chisuse, amene anakaphunzira ntchito yosindikiza ku Edinburgh, m'dziko la Scotland. Bambo ameneyu, pambali pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, anakonda kujambula zithunzi, ndipo anali mmodzi wa anthu akuda oyamba m'dziko lino kugwira kamera. Zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake, zimene tiziona m'mabuku a mbiri, anajambula ndi iye. Akanati, "Ndine wotanganidwa ndi makina, za zithunzi ndazisiya," dziko likanataya chuma chachikulu.

Enanso anapeza njira yolowetsa banja m'ntchito yawo. Aleke Banda anakhala mkonzi woyamba wa Malawi News m'chaka cha 1959, ali mnyamata wa zaka 20 zokha, wosasiyana kwenikweni ndi akuluakulu a Folomu 4. Pamene anayambitsa nyuzi ya The Nation mu 1993, mwana wake wamkazi, Mbumba, anagwira naye ntchitoyo naitsogolera zaka zambiri. Ku Zomba, mlembi Steve Chimombo, amene analemba ndakatulo za Napolo, anaphunzitsa ku Chancellor College, komanso m'zaka za m'ma 1990 anali kutulutsa magazini ya zaluso yotchedwa WASI. Ndipo iye ndi mkazi wake Moira, amenenso anali mphunzitsi pakoleji pomwepo, analembera limodzi buku lina. Tiphunzirapo kuti anthu a panyumba akadziwa chimene munthu achita, asanduka omuthandiza osati omutsekereza.

Zokonda zathu si mdani wa magazini

Ena aganiza kuti wofuna kulemba ayenera kusiya mpira, kwaya, bawo ndi magule. Uku ndi kulakwa, pakuti nkhani zichokera kumeneko. Amene sanaimepo pabwalo sangalembe za mpira zomveka. Amene sanaonepo akuluakulu akuvina tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu m'chaka cha 2014, adzangokopera za m'mabuku, ndipo owerenga adzayasamula. Ngakhale munda womwe uja utitopetsa uli ndi nkhani: mmene agogo aphikira kalongonda, mmene alimi agulitsira nandolo, mmene asodzi a ku Chilwa akhalira madzi akaphwa.

Chovuta si kukonda zinthu, koma kufuna zonse nthawi imodzi. Mnyamata amene ali m'timu ya mpira, m'kwaya, m'kabungwe ka masewero, nafunanso kukhala Mkonzi teremu yomweyo, akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Asankhe ziwiri teremu ino, zinazo zimudikire teremu ya mawa, sizithawa.

Njira zimene taziyesa

Choyamba, lembani pang'ono tsiku lililonse. Nkhani ya mawu 600 ioneka ngati phiri kwa munthu wotopa, koma mawu 100 patsiku atha kulembedwa pa nthawi yopuma, ndipo pofika Loweruka nkhani yatha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiwiri, uzani makolo nthawi ikalipo. Musadzuke m'mawa wa Loweruka, makasu ali kale paphewa, ndi kunena kuti muli ndi msonkhano. Ine tsopano ndimati, "Amayi, Loweruka la mawa lino ndipalira nanu mpaka dzuwa litafika pamutu, koma ndikupempha kuti Loweruka linalo mundilole ndipite kusukulu." Makolo akaona kuti gawo lanu mwalima, kawirikawiri sakana. Ndipo magazini ikatuluka, pitani nayo kwanu, muwawerengere nkhani yanu mokweza. Amayi anga atamva dzina la mudzi wathu likuwerengedwa m'buku, anaitana anansi kuti adzamve nawo.

Chachitatu, ntchito iliyonse ikhale ndi anthu awiri, ndipo nkhani iliyonse isungidwe malo awiri. Nkhani ikafika, ina ikhale m'kabati ya aphunzitsi, ina ijambulidwe ndi foni kapena itaipidwe sabata lomwelo. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, gawanani ntchito moona mmene munthu akhalira. Ogonera pasukulu atenge ntchito za madzulo, monga kutaipa ndi kupinda. Oyendera atenge zimene zichitika masana kapena kumudzi, monga kufunsa akuluakulu mbiri yakale. Misonkhano ichitike dzuwa likalipo, kuti atsikana ndi a kutali asayende mumdima.

Chachisanu, musalonjeze chimene simungathe. Kunena kuti "Sindingathe teremu ino" pa sabata loyamba ndi ulemu. Kukhala chete mpaka tsiku lomaliza ndiko kupweteka anzanu. Ndipo mayeso akayandikira, a Folomu 2 ndi a Folomu 4 apumitsidwe, pakuti makolo sanatitume kuno kudzalemba magazini yokha.

Chachisanu ndi chimodzi, Mkonzi asiye sabata limodzi lopanda ntchito m'ndondomeko yake, monga mayi wanzeru asiya ufa pang'ono pansi pa dengu chifukwa cha mlendo wobwera usiku.

Nthawi imene magazini iyenera kudikira

Nditatha kunena zonsezi, ndiyenera kuwonjeza kuti zilipo nthawi zimene pepala liyenera kupatukira munthu. Ife a ku Phalombe tidziwa zimenezi koposa ena. Makolo athu asimba za Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, miyala ndi mitengo zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana. Ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene midzi inakokoloka, milatho inaduka, sukulu zinatsekedwa, ndipo zina zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Pa nthawi yotere palibe munthu wanzeru amene akanafunsa mnzake kuti, "Nanga ndakatulo ija?"

Kotero tisiyanitse zinthu ziwiri. Magazini yochedwa chifukwa cha maliro, matenda kapena tsoka la dziko ilibe manyazi. Koma magazini yochedwa chifukwa tinagona masabata 5 ndi kudzidzimuka sabata la chisanu ndi chimodzi, imeneyo ndi mlandu wathu. Ndipo taonani, amene agwira ntchito yake msanga ndiye amene ali womasuka kuthamangira kwawo uthenga woipa ukafika, chifukwa sasiya anzake m'mavuto. Kusunga nthawi ya magazini ndi kukonda a kwanu sizilimbana. Chimodzi chithandiza chinzake.

Mawu otsiriza

Kwa inu aphunzitsi athu, tikuthokozani chifukwa cha madzulo ambiri amene mwakhala nafe pamene ana anu akukudikirani kunyumba. Tidziwa kuti nanunso musenza katundu yemweyu. Tipempha kuti pokonza kalendala ya chaka, tsiku la magazini lilembedwe pamodzi ndi masiku a mayeso ndi a masewera, kuti zisagundane.

Kwa inu anzanga, makamaka a Folomu 1 amene mukuopa kuti Chichewa chanu kapena Chingerezi chanu sichinakhwime, chidziwitso cha magazini yotsatira chidzapachikidwa sabata loyamba la teremu. Musadikire kuti chiyambe kuchita dzimbiri pa msomali. Tengani kope lanu lero, mulembe mizere isanu ya chimene munaona panjira pobwera kusukulu, mawa muwonjezere ina isanu. Tsiku lomaliza likadzafika, inu mudzakhala muli kumpira ndi mtima woyera, nkhani yanu ili kale m'nkhokwe.

Ndatha ine wanu,
Mkonzi, Folomu 3